Tsiku limene ndinapaka Dona oyilo wa galimoto

Mpaka lero ndikamva fungo la oyilo wakuda pa galaja ya pa Chitakale, ndimayang'ana kumbali ngati ndakumana ndi munthu amene ndinamulakwira. Nkhaniyi ku Likhubula aliyense amaidziwa, ndiye kuli bwino muimve kwa mwini wakene ena asanaithire mchere.

Ndinali nditangotha sabata imodzi pa chikamwini. Apongozi anga aamuna anakalambira pa ntchito yonyamula katundu wa alendo okwera phiri, ndipo mzungu wina pobwerera kwawo anawasiyira galu wamkazi, dzina lake Dona. Galuyu analibe ubweya. Thupi lonse linali losalala ngati dzungu, kupatula timaubweya tochepa pamutu ndi kunsonga kwa mchira. Mano enanso munalibe m'kamwa. Nditangomuona ndinati mumtima, izi ndi mphere, ndipo zafika poipa.

Kufunsa sindikanatha. Mkamwini wa dzulodzulo angayambe bwanji kunena kuti galu wa apongozi ndi wodwala? Ngakhale mkazi wanga sindinamufunse (ndinkaopa kuti aziti ndayamba kale kunyoza kwawo). Ndinkangoona apongozi aakazi akumudzoza mafuta odzola m'mawa uliwonse, ine n'kumamva chisoni kuti anthu abwino chonchi sadziwa mankhwala enieni.

Mpata unapezeka Loweruka lina, onse atapita kumaliro ku Limbuli n'kundisiyira khomo. Kwathu galu wa mphere timamupaka oyilo wotsala m'galimoto. Ndinapalasa njinga mpaka pa Chitakale, ndinapempha oyilo m'botolo, n'kubwerera ndikuimba mluzu. M'maganizo ndinkamva kale apongozi akuuza anzawo kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwamuna wanzeru.

Dona ndi galu waulemu. Anaima phee, ine ndikumupaka kuyambira m'khosi mpaka kumchira. Ndiye ndinamumangirira padzuwa kuti mankhwala alowe bwino (inde, padzuwa, galu wopanda ubweya). Posakhalitsa anadula chingwe, n'kukadzigudubuza pa bulauzi yoyera ya kumpingo imene apongozi aakazi anayanika pa kapinga. Ndisanathe kulira za bulauziyo, ndinamuona akudzinyambita. Kenako anayamba kusanza, miyendo ikunjenjemera. Apa mluzu unatha. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa galu ameneyu apongozi ankamukonda ngati mwana wawo womaliza.

Ndinamuika m'dengu, n'kupalasa ngati wamisala mpaka kunyumba kwa mayi wina, dokotala wa ziweto.

"Bambo, mwamutani galuyu?"

"Ndimamuchiza mphere, mayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Alibe mphere uyu. Anabadwa choncho, ndi mtundu wake. Zimayenda m'magazi, monga mmene mpata wa mano umayendera m'banja. Kholo limodzi likakhala lopanda ubweya, ana ena amatengera, ena amabadwa ndi ubweya wawo bwinobwino. Ndi kuperewera kwa manoko n'kwa mtundu womwewo. Mafuta amamudzoza kuti khungu lisaume." Anamugwiragwira pamimba. "Nanga mukudziwa kuti ali ndi bere?"

Ndinangokhala pansi pomwepo. Koma mayiwo, Mulungu awadalitse, sanataye nthawi ndi kundinyoza. Anamupatsa Dona mankhwala, ine n'kundipatsa mafuta ophikira, sopo ndi beseni. Ndinamusambitsa katatu. Pomaliza galu anali atayera, wakuda ndinali ine.

Pofika pakhomo ndinapeza onse abwerako. Mkazi wanga anaima pabwalo bulauzi ili m'manja.

"Inu, pakamwapo panatsekeka? Kundifunsa ine kunakuvutani chiyani?"

Ndinakagwada chapatali ndi khonde pamene apongozi aamuna anakhala, n'kufotokoza zonse osabisa kanthu. Iwo anamunyamula Dona, anamuyang'ana m'makutu, m'kamwa, pamimba. Ine ndinkangowerenga mumtima zovala zimene ndilongedze pobwerera kwathu.

"Adokotala ati anawo ali moyo?"

"Ati ali moyo, bambo."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ankaseka.

"Akamwini, dzukani. Tsiku limene mzungu uja anachoka, inenso ndinabwera nalo botolo la oyilo. Mayi anuwa ndi amene anandilanda. Kusiyana kwathu n'koti inu munadikira kuti mayiwa achoke pakhomo."

Sindinaone chifundo chotero chibadwire. Ngakhale apongozi aakazi anangopukusa mutu, n'kuilandira bulauzi yatsopano imene ndinakawapezera, osaitchulanso nkhaniyo (kupatula pa chinkhoswe chilichonse, pamaliro, ndi kumsika).

Patapita masabata atatu Dona anaswa ana asanu, atatu osalala, awiri aubweya, monga momwe adokotala ananenera. Apongozi anasankha wosalala kuposa onse n'kundiika m'manja. Dzina anali atamutcha kale: Oyilo.

Sabata yatha ndikudutsa naye pa Chitakale, bambo wina anandiimitsa ndi nkhope yachisoni. "Achimwene, galu wanuyo mphere zimutha. Mupakeni oyilo wakuda, ndi mankhwala enieni."

Ndinamuthokoza, chifukwa mtima umenewo ndimaudziwa. Kenako ndinamufunsa ngati ali pa chikamwini.