Kalasi Yanga ya Khodi Yasankha Komiti

Lolemba

Malaputopu anayi ali patebulo. Ndabwereka kwa alamu anga a ku Area 25, ndipo adzawatenga Loweruka folo koloko, osapitirira. Cholinga n'chimodzi: pofika tsikulo mayi aliyense alembe khodi yake, kompyuta imumvere. Ine ndinaphunzira ndekha pafoni yosweka galasi, ndiye wina asandiuze kuti n'zovuta.

Azimayi khumi ndi awiri m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ndisanatsegule pakamwa, Mayi Chikopa, ogulitsa kaunjika ku Chilinde, aimirira: "Mwana wanga, gulu siliyamba popanda komiti."

Tasankha:
tcheya (Mayi Chikopa, nanga ndani)
wachiwiri wawo
mlembi (Nachisale wamandasi, sanalankhule, angomuloza)
woona za matenda ndi maliro
woona za mwambo

Ine: membala wamba. Nthawi yatha. Malaputopu sanayake.

Lachiwiri

Lero tiyamba basi!

Pemphero. Nyimbo. Mlembi awerenga zadzulo, ngati panali amene kunalibe. Kenako dzina la gulu. Tiyanjane? Tikondane? Ine ndikuti litchedwe Yatsani Kompyuta. Palibe waseka.

Atcheya alamula kuti laputopu imodzi izikagona kwa mlembi, azilembamo mfundo. Nachisale akuloza mapepala a phunziro loyamba amene ndinawakonza sabata yathunthu: "Asisi, awa nditenge?" Tengani mayi, mukakulungire mandasi.

Lachitatu

Chitenje cha gulu!

Abweretsa zinayi, aziyala pamwamba pa malaputopu kuti zioneke bwino. Chabuluu ayi, anthu aziti ndife a chipani. Chachikasu chimodzimodzi. Chobiriwira, chofiira, mtundu uliwonse uli ndi mwini wake. Maola awiri.

Ndikuti: "Amayi, kompyuta siona chitenje!"

Atcheya: "Koma anthu amaona."

Agwirizana zokagula cha bulawuni. Mawu anga alowa m'mfundo.

Lachinayi

Kulibe kalasi. Tonse ku Kawale kukazonda apongozi a wachiwiri kwa tcheya, akuti mwendo. Ndanyamula laputopu m'chikwama, mwina mpata upezeka. Odwalawo tawapeza akuwaza nkhuni. Tawaimbirabe nyimbo zitatu.

Mu minibasi pobwerera Nachisale akundinong'oneza: "Asisi, m'mapepala muja, paja pali liwu lachizungu loti if paja, ndiye kuti kompyuta iziyamba yaona kaye isanayankhe?" Ndamuyankha kuti eya, ndayang'ana kuwindo. Mutu ukuwawa. Kwatsala masiku awiri.

Lachisanu

Ndaphulika. Ine sindidziwa kuzungulira.

Nkhani ya lero inali yoti pajambulidwe chithunzi, aliyense atagwira laputopu. Yotseka. Ndanena izi, mokweza:
kuti masiku asanu chomwe agwira ndi chivindikiro;
kuti komitiyi ndi yaikulu kuposa kalasi;
kuti atcheya akafuna ufumu akaupeze pa mabelo awo.

Chachitatucho mwina ndikanachisiya.

Woona za mwambo aimirira nkhope ili ngwee, ntchito yawapeza tsopano. Akuti ndituluke akambirane. Ine! Kalasi yanga, malaputopu a alamu anga, ndaima padzuwa pafupi ndi mpopi. M'katimo ayamba ndi pemphero.

Loweruka

Tsiku lomaliza. Atcheya akuti chigamulo changa chili kwa mlembi.

Nachisale watsegula laputopu. Wayatsa yekha! Pagalasi pabwera liwu limodzi: "Dzina?" Akupempha atcheya alembe lawo. Chala chimodzi, mphindi zitatu, kufunafuna K. Kompyuta yayankha: "Takulandirani, Amayi Tcheya."

Nthungululu! Mzere mpaka pakhomo, aliyense akufuna kulandiridwa. Azimayi amene sabata yonse amaopa batani akukankhana pa kiyibodi. Wina akufunsa kuti yadziwa bwanji. Wina akuti aphunzitsidwe lero lomwe.

Ndalemba langa.

"Mwaimitsidwa sabata ziwiri. Mukapepese kwa atcheya."

Nthungululu zoposa zoyamba zija. Panja alamu akuliza hutala. Folo koloko ndendende. Malaputopu apita.

Lamulungu

Nachisale anandikopera khodi yake papepala, lili ndi dontho la mafuta pakona. Mizere isanu ndi inayi. Ndaiwerenga katatu kuti ndipeze cholakwika, ngakhale chimodzi chokha. Palibe. Dzina langa analiika pamalo oyenera.

Zomwe sabatayi yabala:
komiti
chitenje
wolemba khodi mmodzi
mphunzitsi woimitsidwa

Atcheya atumiza uthenga. Gulu lagwirizana kuti maphunziro apitirire, aziphunzitsa Nachisale chifukwa ndi waulemu. Ine ndikakapepesa andipatsa udindo m'komiti: woona zobwereka malaputopu.

Kopepesa akuti ndipite nditavala cha gulu. Ndachichapa. Chili pachingwe.