Chingwe cha simbi ya amayi

Mpaka lero amayi akaona simbi amandiyang'ana ine. Mlandu ndi wanga, sindikana, koma nditapatsidwa mpata ndikhoza kubwereza.

Tinali kukhala ku komboni ya George pamodzi ndi ba malume, mlongo wawo wa amayi. Chaka chimenecho kwacha inali kugwa sabata iliyonse, magetsi kuzima tsiku lonse, ntchito kutha. Chimene chinkatidyetsa chinali kapikapu kakale ka ba malume, kosintha kokha magiya, konyamula matumba a malasha kupita nawo kumsika. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo ankadzitama kuti saliza hutala ngati anyamata a minibasi.

Mawu amenewo ndi amene anandiyabwa. Loweruka lina ndinadula chingwe cha simbi ya magetsi ya amayi (nanga magetsiwo anali kuti? tonse tinali titabwerera ku simbi ya malasha), n'kulumikiza hutala ku waya wa nyali za buleki. Zija timaphunzira kusukulu sizipita pachabe.

M'mawa mwake, popita kutchalitchi, ba malume anaponda buleki pafupi ndi pogulitsira madzi. Hutala inalira. Azimayi onse pamzere anatembenuka. Anapondanso, inaliranso, mayi wina n'kuwafunsa ngati akazi awo akudziwa. Ine kumbuyo ndinali nditaluma kolala ya malaya.

Titaweruka, chisangalalo chinatha. Injini inalira bwinobwino, koma ndodo ya giya inakana kuchoka pa malo oimika. Hutala nayo zii. Galimoto tinaisiya kutchalitchi komweko, n'kubwerera wapansi.

Lolemba ba malume anaitana ba Mwale, makaniko wa ku Matero. Ba Mwale anasolola kachitsulo koyezera mafuta a giya, kununkhiza, n'kunena kuti ndi ofiira bwino, sanapse. Anagwedeza batire. Analowa pansi, kutuluka, kupukusa mutu, n'kugamula kuti giyabokosi itsitsidwe. Ba malume anangokhala pamwala. Anati ikapezeka yakufa, ina saipeza, galimoto aigulitsa kwa ogula zitsulo, ndipo ine ndi amayi tipita kumudzi ku Chipata.

Ba Mwale atamasula nati yoyamba, ndinayandikira ngati mwana wabwino. Ndinapempha ba malume aponde buleki, n'kuwauza kuti nyali zakumbuyo sizikuyaka. Ndinafotokoza kuti galimoto zotere sizilola giya kusuntha ngati magetsi a buleki sakufika, mwina yangopsa ndi fyuzi.

"Iwe mwaiche, kamwana iwe, unayamba liti kudziwa vinthu va motoka?" anatero ba Mwale. Komabe anatsegula kabokosi ka mafyuzi. Fyuzi inali yakuda bii.

Yatsopano panalibe, choncho anakulunga yakaleyo ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Anthu anali atadzaza, ena akundisisita mutu, ena akuti mwanayu adzakhala injiniya. Ndinatupa mpaka kuiwala chinthu chimodzi: chingwe changa ndinali ndisanachotse.

Ba malume anaponda buleki. Giya inalowa mosavuta, hutala n'kukuwa osalekeza, agalu a mpanda wa tchalitchi n'kuyankha. Ba Mwale anatsata waya ndi chala, n'kusolola chingwe chokutidwa ndi ulusi wakuda ndi woyera. Amayi, amene anabwera ndi chakudya cha makaniko, anaika mbale pansi pang'onopang'ono.

"Achimwene, chingwe icho nichidziwa."

Ndinayeza ndi maso mtunda wokafika pachipata. Koma ba malume anali akungosuntha ndodo ija, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, misozi ili m'maso, akuseka ngati mwana. Anati giyabokosi ili moyo, zinazo akambirana ndi ine akatsitsa malasha. Kukambiranako kunali sabata ziwiri zonyamula matumba, ndi khutu limene amayi analikoka mpaka linatalika kuposa linzake.

Ku Chipata sitinapite. Ndipo ndaphunzirapo ndithu: waya wa hutala uzikhala ndi fyuzi yakeyake, ndipo usamachokere m'nyumba mwanu.