Pampu ya Madzi ndi Ukwati wa Agnesi

Lolemba

Kagalimoto kakodzanso pabwalo. Chithaphwi pansi pa injini, nkhuku zikumwa. Ndagona chagada kusuzumira: ndi pampu ya madzi, ndipo dontho lililonse likusankha diso langa.

Loweruka ndi ukwati wa Agnesi, mng'ono wake wa mkazi wanga, amene tamulera m'nyumba muno. Ndinalonjeza pamaso pa apongozi ndi ankhoswe kuti mkwatibwi achoka kuno ku Nkopola kupita kutchalitchi kuboma pa galimoto yanga, osati pa lole ya nsomba ngati anzake. Panalibe amene anandipempha. Pakamwa pangapa!

Mkazi wanga akuti: "Bwanji osaitana Che Bwanali?" Che Bwanali ndi makaniko wa dera lino, komanso tcheyamani wa chipani pa nthambi yathu. Ndakana. Ndinaonererapo dalaivala wa kuhotela kumene ndimagwira ntchito akukonza pampu yotere, ndinamugwirira ndi sipanala yomwe.

Lachiwiri

Zida: sipanala ziwiri (ina ya njinga), nyundo, girisi, beseni lochapira la mkazi wanga (sakudziwa).

Fanibeluti yachoka. Pampu yachoka. Khungu la pachala nalo lachoka.

Gasiketi, kapepala kolimba kokhala pakati pa pampu ndi injini, yanyenyeka ngati chigumu chadzana. Wolakwa ndi ameneyu! Pampu nayo ikulira khwekhwerere ndikaizunguza, koma chinthu chokalamba chimalira basi. Apongozi amateronso akamadzuka pampando.

Kuboma gasiketi kulibe. Wa m'sitolo akuti: "Mpaka ku Blantyre, bambo, mwina mwezi wamawa."

Lachitatu

Nzeru! Gasiketi munthu umadula wekha. Kuseri kwa kabati ndapeza kalendala ya chaka chatha, pepala lolimba bwino. Ndaivundikira pa pampu, kumsana koyera kuli pamwamba, n'kumagogoda ndi nyundo m'mbali monse monga ankachitira dalaivala uja. Go, go, go, kwinaku ndikuimba likhweru.

Yatuluka yokongola. Ndaitembenuza.

Mayo ine! Diso. Khutu. Kachidutswa ka pakati kali ndi mphuno. Pa kalendala ija panali nkhope ya Eni Dziko, yomwe ija ili pakhoma m'sitolo iliyonse. Ndawagogoda ndi nyundo masanasana, likhweru lili pakamwa!

Anthu apita osabwerako pa zinthu zochepa kuposa izi. Ndili ndi mantha. Ndapaka girisi msangamsanga, ndabwezera pampu, mabawuti ndamanga zolimba. Diso lili m'kati, palibe angalione.

Nanga zotsala? Kudzala ayi, ana amatola. Pamoto ayi, azimayi sakuchokapo, akuphika thobwa la ukwati. Kuchimbudzi... Mulungu andikhululukire poganizako. Ndazipinda, zili m'sokosi.

Lachinayi

Ikudontha kuposa kale! Madzi akutulukira pa kabowo ka pansi pa pampu penipeni. Gasiketi yakale ija inalibe mlandu.

Kumasulanso sindingathe. Alendo a ukwati adzaza bwalo, ana azungulira galimoto ngati ntchentche, aliyense akufuna kuona m'kati.

Malangizo a odutsa m'njira: dzira laliwisi mu rediyeta, fodya wopera, sopo. Ndathira zonse. Galimoto ikununkha ngati kantini ya pa depoti.

Ndikuyenda motsimphina chifukwa cha sokosi. Ofunsa ndikuwauza kuti ndaponda minga.

Lachisanu

Apongozi atulukira ndi Che Bwanali. Chambo chonse chimene anakola m'mawa amupatsa iye kuti abwere. Bokosi la zida m'manja, pampu ina yabwinobwino m'khwapa, baji ya chipani pachifuwa. Diso la pa baji ndi lomwe lili mu injini yanga!

"Timasule tione, achimwene, kantchito kochepa aka."

Ndakhala pa boneti. Ndanena kuti galimoto yanga sikhudzidwa ndi dzanja lachilendo. Ine amene, mwini chithaphwi.

Apongozi angoti: "A mkamwini, kodi takulakwirani chiyani?" Bola akanandikalipira.

Agnesi, akusita velo: "Alamu, ndikwera ndithu, eti?" Ndati akwera.

Loweruka

Maliboni pa boneti, maluwa pa zitseko. Zigubu zamadzi ku buti, china pamiyendo pa woperekeza mkwatibwi. Kuyenda, kuima, kuthira. Kuyenda, kuima, kuthira. Agnesi akukupiza dzanja kwa aliyense, ndi mbuzi zomwe.

Tisanafike ndi theka lomwe la ulendo, nthunzi phwii! Fungo la dzira lowira. Injini zii.

Kumbuyo kwaima lole ya nsomba imene yanyamula a kwaya. Che Bwanali ali momwemo, akukweza chinthu m'mwamba: "Pampu ija ndili nayo pano!"

Ndakhalanso pa boneti. Yotentha! Ndaluma mano, sindinasunthe.

Agnesi watsika yekha, wakwinya diresi loyera m'manja, wakwera lole. Amukhazika pa dengu la usipa. Sanalire, sanandiyang'ane.

Ukwati sindinaufike. Ndakankha galimoto kubwerera kunyumba, maliboni ali petupetu.

Lamulungu

Onse ali kutchalitchi, bwalo lili mbee. Ndamasula pampu.

Gasiketi yasanduka phala lotuwa. Madzi otentha, sopo ndi dzira zinafufuta zonse. Diso palibe, khutu palibe, mwina kuyambira Lachinayi. Che Bwanali akanatsegula akanangopeza phala, Agnesi akanafika pakhomo la tchalitchi ngati mkazi wa DC.

Mkazi wanga sakundiyankhula. Anthu akuti wansembe podalitsa ukwati anayetsemula ndi fungo la usipa. Ana a pamudzi ayamba kale kunditchula kuti a Boneti. Ndilandira. Kufotokoza sindingafotokozere munthu, ngakhale Agnesi amene, ndipo adzakalamba akudziwa kuti alamu ake anakonda galimoto kuposa iye.

Galimoto ili pa miyala. Ine ndikulemba choimirira, kukhala pansi sikukutheka.

Mphuno ikadali m'sokosi.