Kusaka Agogo m'Nyuzipepala Zakale

Lolemba

Ndasenzetsedwa ntchito imene sindinaipemphe. Amayi akufuna tiike mwala pamanda a bambo awo iwo akadali ndi mphamvu zoyenda. Agogowo anafera pangozi pa famu ya mzungu cha ku Chisamba, amayi ali kumsana. Famu iti? Manda ali pati? Palibe akudziwa. Banja lonse limangoimba nyimbo imodzi, yakuti zinatuluka m'nyuzipepala. Ndiye poti ndinapondako ku koleji ndine, maso onse ali pa ine.

Pulani yanga:
kupeza nyuzipepalayo,
kutapamo dzina la famu,
Lamulungu pamsonkhano wa banja kwa amalume ku Matero ndiimirire, ndiwerenge, anthu aombe m'manja.

Sindikuonapo chovuta.

Lachiwiri

Ndikufunsa amayi dzina la agogo. Akuti a Phiri. Dzina loyamba? Akundiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Akuti mwana samafunsa dzina la bambo ake, ndipo agogo aakazi mpaka kulowa m'manda sanatchulepo dzina la mwamuna wawo. Ankangoti "atate a Zelipa." Zelipayo ndi amayi anga omwewa. Ndalemba pano chifukwa sadzawerenga.

Phiri! Pamzere wathu wokha muno m'Chawama pali a Phiri amakala, a Phiri ometa, a Phiri eni nyumba, ndi a Phiri ena amene sitidziwa ntchito yawo. Ulemu wapabanja pathu wandipweteketsa mutu.

Lachitatu

M'tauni, kosungira nyuzipepala zakale. Zamangidwa m'mabuku aakulu ngati zitseko. Fumbi lake! Ndikuyetsemula mpaka mayi wokhala patebulo lina wasamuka.

Bambo woyang'anira akufunsa, "Mufuna chaka chiti?" Ndikuimbira amayi. Akuti chaka chimene mvula inachedwa. Ndikuwauza kuti mvula imachedwa chaka chilichonse. Akuti ndisawayankhe mwano, adula foni.

Ndikungotsegula mwachisawawa. Ngozi za pamafamu zilipo zambirimbiri: thirakitala kugubuduzika, chigafa cha fodya kupsa, munthu kugwera m'chitsime. Dzina la mzungu alemba lonse, ndi la mkazi wake lomwe. Womwalirayo ndi "wantchito wina." Tsamba lina, wantchito wina. Linanso, wantchito wina. Ndatulukamo ndi chimfine chokha.

Lachinayi

Kwa amalume ku Matero. Iwo ndi aakulu kwa amayi, ayenera kukumbukira. Akulumbira kuti inali thirakitala yofiira. Anali ndi zaka zingati? Akuti anali asanayambe kuvala kabudula. Koma mtundu wa thirakitala akuudziwa.

Anditumiza kukomboni ya George, kwa agogo ena, mlongo wake wa malemu. Minibasi yoyamba yafera panjira, yachiwiri kondakitala wandikhazika pa thumba la kapenta. Ndafika ndikununkha ndiwo.

Agogo a ku George akuti thirakitala ndi bodza la amalume, inali ngolo ya ng'ombe. Dzina akulidziwa. Mtima wanga myaa, cholembera chili m'manja. Koma akuti limene akulidziwalo ndi la paubwana, ndipo munthu amene analowa kudambwe satchulidwa dzina la paubwana, wamoyo kapena wakufa. La paukulu sanalimve bwino, anali atapita kale ku ukwati. Pafamu mzungu ankawaitana Joni, monga ankaitanira aliyense.

Ndagwada, ndapempha, ndawasiyira shuga. Akuti, "Shuga n'landira, dzina sinitchula."

Lachisanu

Ndabwereranso kufumbi. Lero ndikusaka ngolo zokha. Zimene ndajambula pafoni:
ngolo inagwera mumtsinje,
ngolo inawombana ndi lole,
ngolo inagubuduzika potsetsereka cha ku Chisamba komweko.

Yomalizayi yandiutsa tsitsi. Koma nkhani yonse ndi ya ng'ombe! Inali ng'ombe imene mwini famu ankainyadira, dzina lake alilemba, kuthyoka kwa mwendo wake akufotokoza bwinobwino, ngakhale dokotala wa ziweto amene anabwera amutchula. Woyendetsa ngolo ali pamzere wothera. Pamene panali dzina la famu ndi la mwini wake, njenjete zinadyapo kalekale. Dzina la ng'ombe zinalisiya.

Ndakwiya kwambiri, koma sindikudziwa ndikwiyire ndani. Olembawo anafa, njenjetezo zinafa.

Loweruka

Magetsi palibe, kukiyosiki madzi palibe, dzina palibe. Amalume aimba foni kuti auza kale onse kuti ndapeza. Ndani wawauza? Akuti anaona pankhope panga.

Amayi akusita chitenge chawo chatsopano ndi simbi yamakala. Akuimba nyimbo za kumvano. Sanandifunse kanthu tsiku lonse, ndipo zimenezo ndiye zikundiwawa kuposa akanafunsa.

Lamulungu

Matero. Nyumba yadzaza, ana akusuzumira pazenera. Ndikuimirira, ndikuwerenga ya ng'ombe ija pafoni, ndikumasulira m'Chinyanja. Palibe woomba m'manja. Amalume akuti si imeneyo, mulibe thirakitala. Wina akufunsa ngati ng'ombeyo inachira. Mkangano wabuka, za mwala aiwala, akukamba za amene sanabwere kumaliro a chaka chatha.

Amayi andikoka malaya. "Bwereza pothera."

Ndikubwereza: woyendetsa ngolo anamwalira pomwepo, wasiya mkazi ndi ana awiri aang'ono.

"Wamng'onoyo ndine," akutero, chala chili pagalasi la foni, pamalo olakwika, pa dzina la ng'ombe.

Sindinawasunthe chalacho. Sindinawauzenso kuti uja wa ngolo yogwera mumtsinje nayenso anasiya ana awiri. Manda sitinawapeze, ndipo sindikuona kuti tidzawapeza. Mawa ndipita kukasindikiza tsambalo. Akuti zilembo zikhale zazikulu, apachike pabalaza.