Tsiku Limene Ndinafera Muimba

Nkhani iyi ndimadana nayo, koma bola muimve kwa ine, chifukwa mlamu wanga Lemani akamaifotokoza amawonjezera zake.

Kale kuno kwa Dzoole ng'ombe zinali mbwee. Khola la bambo anga linali lodzaza. Ng'ombe ikasowa tinkangoyang'ana kumwamba: pamene miimba ikuzungulira, yafera pomwepo, thamangani ndi mipeni nyama isanathe. Zimbalame zakuda, khosi lopanda nthenga, mapiko ngati chitseko. Lero ng'ombe zinatha, bambo anapita, kumwamba kwangotsala akhwangwala.

Ndikanena zimenezi pabawo, Lemani, amene anafika Fomu 2 ndiye amadziona ngati DC, amaseka.

"Alamu, inu a Sitandade 5, munaona nkhukundembo. Miimba ndi ya pa TV."

Zinkandiwawa. Ngati miimba ili bodza, ndiye kuti ng'ombe za bambo anganso zinali bodza?

Tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo, ndikuchokera kumsika ndi matumbo a mbuzi m'pepala. Kuyang'ana pamwamba pa phiri, chinthu chakuda chikuzungulira pang'onopang'ono, osakupiza mapiko. Mtima unagunda ngati ndaona bambo akubwera ndi ng'ombe kuchokera kudambo.

Ife amene tinawetako timadziwa kuti muimba sutera pa chinthu chamoyo. Ndinavula shati, kugona chagada m'mbali mwa njira, matumbo aja kuyala pamimba, diso limodzi lotsegula pang'ono.

Posakhalitsa anatulukira a Nachisale ndi mtolo wa nkhuni.

"Mayo ine! A Zakeyu awapha! Matumbo ali panja!"

Ndinafuna kuwakalipira, koma chinthu chija chinali chitayamba kutsika. Ndinati mumtima, abwere onse, ndikufuna mboni.

Anabweradi, mudzi wonse. Mkazi wanga NaBanda kudzigwetsa pansi, kugubuduka m'fumbi. Wina akuti itanani adzukulu abwere ndi makasu. Ine duu. Ntchentche m'mphuno, ine duu.

Lemani anafika, kuvula chipewa.

"Anali munthu wa makani, komabe wapita," anatero. "Achemwali, njinga ija ikakhale kwathu, ingasowe pamaliro."

Njinga yanga! Ndinaluma mano. Chinthu chija chili pafupi, chikutsikabe, mthunzi wake ndikuuona.

Ndinadzambatuka, matumbo lende.

"Uwo! Lemani, ona! Muimba uwo!"

Anthu balala! A Nachisale anasiya nkhuni ndi patapata yemwe. Lemani ndi Fomu 2 yakeyo anakagwera m'ngalande ya m'munda wa fodya akufuula, "Ndimangocheza, alamu! Njinga ndi yanu!"

Chinthu chija chinatsika bwinobwino n'kukakodwa pa mtengo wa minga. Jumbo yakuda. Kamvuluvulu ndiye anaikweza kumwamba.

NaBanda yekha ndiye sanathawe. Anadzisansa fumbi, kupukuta misozi, kukatenga jumbo ija, kutola matumbo n'kuponyamo.

"Bola mwapeza chonyamulira ndiwo," anatero. "Tiyeni kunyumba, malemu."

Mpaka lero pabawo amanditchula Malemu. Ine kumwamba ndimayang'anabe, makamaka nyengo yotentha, chifukwa miimba ndinaiona ndi maso angawa ndipo palibe amene adzandichotse zimenezo.

Koma phunziro ndinalitola: ukafuna kufa dala, yamba wakhoma njinga.