Matabwa Olira ndi Apongozi Anga

Nkhani iyi ndikaikumbuka manyazi amandigwira mpaka m'mawondo, koma poti ku Kasina aliyense amaidziwa kale, bola muimve kwa mwiniwakene.

Nyumba imene tinkachita lendi inali yakalekale, pansi pake pa matabwa a paini. Ukaponda apa, kwiii! Ukaponda apo, kwaaa! Mayi akunyumba, omwe ndi namwino, atagula kapeti ya pulasitiki anandilangiza akupita kuntchito:

"Musayale kapetiyo matabwa akadali kulira. Muyambe mwakhoma ogwederawo."

Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi apongozi anga aamuna, amene anabwera kudzalandira mankhwala a chifuwa. Iwo anayala mphasa pakhonde, n'kudzifunda bulangete mpaka kumutu chifukwa cha chisanu chathu cha ku Dedza, basi tulo.

Msomali woyamba unangolowa ngati ndikukhoma nthochi. Ndinazula thabwa kuti ndione. Mayo! Mtanda wapansi, umene matabwa amakhomedwapo, chiswe chinamaliza kalekale. Ndinazula lina, ndi linanso. Posakhalitsa pakati pa sitingirumu panali dzenje loti munthu wamkulu n'kugonamo. Thukuta kamukamu m'chisanu chomwecho. Nanga mwini nyumba akaona? Nanga mayi akabwera? Nanga apongozi akadzuka n'kugweramo?

Ndinaimbira a Lobeni, kalipentala wa kumsika. Netiweki ya m'mapiri muno mukuidziwa, imadya mawu ena n'kusiya ena.

"A Lobeni, kuno zinthu zavuta! Kwakhala kukulira kuyambira m'mawa!"

"Halo? Kukulira? Chachitika n'chiyani, aphunzitsi?"

"Ukalamba basi, zatheratu! Apongozi agona, ndiye ndikufuna tikonze zonse mayi asanamve. Tengani tepi, matabwa ndi misomali!"

"Mwati apongozi... agona?"

"Eee, agona pakhonde pompano. Fulumirani!"

"Pepani kwambiri, aphunzitsi," anatero ndi mawu otsika.

Ine mumtima ndinati, koma bamboyu ndi wachifundo, mpaka kupepesa nkhani ya chiswe! Ndinalowanso m'dzenje muja n'kumachotsa mitanda yowola.

Patapita kanthawi ndinamva nyimbo kumsewu. Nyimbo ya maliro. Ndinati, kaya ndani watisiya, Mulungu awalandire. Koma nyimboyo m'malo mopitirira inakhota n'kulowa pageti pathu.

Nthawi yomweyo foni inalira. Mayi akunyumba, akusisima.

"Bambo anga ine! Inu mpaka ndimvere kwa akazi a Lobeni? Mumandibisiranji?"

"Kubisa chiyani?"

"Bambo amwalira, inu muli pomwepo!"

Ndiye kuti pamene ine ndimalimbana ndi matabwa, nkhalamba yatsirizika pakhonde osadziwa ine? Ndikawauza chiyani akuchikazi? Kuti bambo anu amapuma komaliza ine ndikusaka chiswe?

Ndinavuuka m'dzenjemo, fumbi thupi lonse, hamala ili m'manja. Pabwalo panali amayi ovala mipango akuimba, njinga ya a Lobeni itatsamira mtengo ndi matabwa ake. Pakhonde a Lobeni anali atagwada, chipewa atavula, akukoka tepi kuchokera kumapazi a bulangete lija mpaka kumutu.

Nditaona tepiyo ndinakhulupirira. Ndinadziponya pansi n'kuyamba kulira kuposa onse.

"Apongozi anga ine! Mwapita osatsanzika! Ndimati mwagona!"

Amayi aja anakweza nyimbo. Wina anandigwira paphewa. "Limbani mtima, aphunzitsi."

A Lobeni atamaliza kuyeza anasiya tepi, ndipo inabwerera yokha. Thwaa! Pa bulangete.

Bulangete linatsokomola.

Abale, sindinaonepo amayi akuluakulu akudumpha mpanda chonchija! Nyimbo inathera pakati pa liwu. A Lobeni anagwa chagada m'maluwa. Ine ndinatsala pansi pomwepo, misozi ikadali m'masaya.

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala tsonga. Anayang'ana tepi. Anayang'ana matabwa panjinga, ndi mipango imene inatsala pabwalo. Kenaka anasuzumira pakhomo n'kuona dzenje lija pakati pa nyumba, ndipo pomaliza maso awo anafika pa ine ndi hamala yanga.

Anatsokomolanso, n'kufunsa mwaulemu kwambiri:

"Akamwini, za bokosizi ndamvetsa, munthu amakonzekera. Koma mandawo mpaka m'sitingirumu?"

Anzanga, mukamaitana kalipentala pafoni, muziyamba mwanena kuti pakhomo nonse muli moyo.