Kalavani Yanga, Bedi la Apongozi

Lolemba

Yafika! Kalavani yanga yaima pakhomo. Ndaikoka ndekha kuchokera ku Markham mpaka kuno ku Mississauga, pamsewu waukulu wa 401, thukuta lili kamukamu. Ndi yakale pang'ono, koma amene wandigulitsa akulumbira kuti sidontha.

M'kati muli:
– bedi lalikulu, la ine ndi amake Yami
– timabedi tiwiri tosanjikiza, ta ana athu, Yamikani ndi mlongo wake Tadala
– tebulo losanduka bedi
– chitofu, firiji, kachimbudzi.

Nyengo yonse yachisanu ndakhala ndikusankha. Kulemera kwake, utali wake, ngati galimoto yathu ingaikoke. Ntchito yanga kuweyahausi, kosungira katundu, ndi kudziwa chimene chingakwane m'thiraki, ndipo pa zimenezi sindilakwitsa.

Loweruka tikukagona kutchire, kumpoto, banja lonse. Koma kunena zoona, amene ndikumufuna ndi Yami. Seputembala akupita kukoleji ku Ottawa, ndipo chaka chonsechi ine ndi mwana wanga timangopatsana "hi" pamasitepe. Mahedifoni m'makutu, chitseko chotseka. Zimandiwawa. M'kalavani mulibe chitseko choti atseke, nzeru yanga yagona pamenepo.

Apongozi, amene anabwera kuchokera ku Dedza mu Epulo, akakhala kwa mlamu wanga ku Scarborough. Zonse zili m'malo mwake.

Lachiwiri

Apongozi atuluka kudzaona. Aizungulira, agogoda khoma, alowa. Akhala pabedi langa lalikulu n'kumadinikiza matiresi ndi chibakera. Ine ndili kuseri kwa galimoto, ndanyonyomala, ndikuyang'ana tayala limene lilibe vuto.

Atuma Tadala: "Kawauze abambo ako kuti ngolo yawoyi ndi yabwino. Tinyamuka liti?"

Tinyamuka!

Amake Yami akuti mlamu wapatsidwa mashifiti Loweruka ndi Lamulungu kunyumba yosamalira okalamba. "Ndiye mayi anga atsale okha muno ngati alonda?"

Miyezi yonseyi ndayendetsa bwino ukamwini wanga. Iwo chipinda chapansi, ine cham'mwamba. Ndikamva masilipasi awo pamasitepe ndimabwerera kumene ndachokera. Moni ndimapereka ndili kukhitchini, maso pansi. Sitinadyerepo patebulo limodzi. Si chidani ayi, ndi ulemu, ndipo iwo amandiyamikira kwa anzawo pafoni kuti mkamwini wawo analeredwa. Yami anauza amake kuti mu Canada monse muno, anthu amene akusungabe malamulo a mliri aja otalikirana ndife awiri, ine ndi agogo ake.

Tsopano anthu awiriwa akagone m'kabokosi kamodzi.

Lachitatu

Ndalowa ndi tepi yoyezera. Kuchokera pabedi langa kufika patebulo losanduka bedi: ndikangotambasula mwendo kutulo, ndawaponda apongozi.

Njira zimene ndayesa:
1. Katani. Ndapachika chitenje pakati. Tadala wagona pamalo pa agogo ake kuti ayese. "Dad, mapazi anu akuoneka. Ndi mimba."
2. Kugona nditavala suti ndi nsapato. Amake Yami akuti ndikatero agona kumapazi kwa mayi awo.
3. Osagona. Kungokhala tsonga mpaka kuche.

Kenaka ndakumbukira kachimbudzi. Chitseko chake n'chopyapyala ngati katoni. Ndalowamo, ndatseka, ndatsokomola pang'onopang'ono. Amake Yami, ali panja pamsewu, afuula kuti, "Pepani, mwadwala?"

Basi. Masiku awiri osamwa madzi.

Ndinaonera mavidiyo osawerengeka a anthu osankha makalavani. Amakamba za mabuleki, za batire, za denga. Palibe ndi mmodzi yemwe anatchulapo mtunda woyenera pakati pa mkamwini ndi apongozi ake!

Lachinayi

Ndaimbira a Mbewe, mkulu wampingo amene amatiimira ngati ankhoswe kuno. Ndikuyembekeza kuti anena kuti kuno n'ku Canada, zinthu zinasintha.

Aseka mpaka kutsamwa. "Achimwene, chipinda chimodzi ndi apongozi? Ngakhale kwathu ku Ntcheu nyumba itapsa, mkamwini amakagona m'khola!"

Chigamulo chawo: akazi m'kalavani, amuna panja. Yami nayenso wakula, sangagone pakati pa amayi. Andibwereka tenti. Akuti ndi yabwinobwino, anagonamo kamodzi kokha. Sananene chifukwa chimene sanagoneremo kachiwiri.

Madzulo Yami wamva za tenti. Wachotsa hedifoni imodzi, wanena m'Chingerezi kuti mwina iye angotsala, anzake ali ndi mapulani. Wabwezera hedifoni.

Ndakhala m'galimoto pakhomo nthawi yaitali, injini yozima. Ndagula nyumba yamatayala kuti ndikhale pafupi ndi mnyamata ameneyu, ndipo nyumbayo yayamba yathamangitsa ine, tsopano ikuthamangitsa iye.

Amake Yami akwera kuchipinda kwake. Atsika. "Yami apita nafe." Sindinafunse kuti amuuza chiyani. Nkhope imene atsika nayo ndimaidziwa.

Lachisanu

Kulongedza. Ine katswiri wolongedza ndauzidwa kuti ndidikire panja, ndizilandira zotuluka.

Zatuluka:
– ndodo zanga zowedzera nsomba
– mpando wanga wopinda
– pilo wanga.

Zalowa:
– mabulangete asanu, mu Julaye
– ketulo ya apongozi, chifukwa ya m'kalavani "ndi yaing'ono ngati ya ana amasanje"
– buku lawo lanyimbo, mafuta awo opaka mawondo
– chidebe. Sindinafunse.

Bedi lalikulu lapita kwa apongozi chifukwa cha msana. Kiyi wa kalavani amumanga pamfundo ya chitenje chawo kuti asasowe. Ndikafuna kutenga sipanala ndimatuma Tadala kukapempha.

Tenti ya a Mbewe yafika. Pachikwama alemba kuti ndi ya anthu awiri. Anthu awiri ake ati? Mwina amapasa a tsiku limodzi. Ikununkha galaja.

Sindinagonemo m'kalavani yanga ngakhale tulo ta masana.

Loweruka

Msewu wa 400 wadzaza, Toronto yense akuthawira kutchire limodzi. Apongozi akhala mpando wakumbuyo, mbali yanga. Ndapotoza galasi lapakati kuti maso athu asakumane.

Tafika. Malo athu ndi kampata pakati pa mitengo iwiri, ndipo kalavani iyenera kulowa chambuyo. Apongozi, mwa chifundo chawo, atsika n'kukaima kumbuyo kuti azindilozera. Manja m'mwamba, ngati wapolisi wapamsewu. Ndiye kuti kuti ndibwerere bwino ndiyenera kuwayang'anitsitsa apongozi m'galasi. Ine! Ndikuyang'ana pansi, ndikupotoza chiwongolero mwachikhulupiriro. Kalavani ikupita kumene ikufuna yokha. Oyandikana nafe atembenuza mipando yawo, zakumwa m'manja, kuti aonere bwino.

Gu! Mtengo.

Nyali yakumbuyo yaphwanyika. Apongozi auza Tadala kuti andiuze kuti mtengowo unali kale pamenepo.

Yami watsika, waima pamene ndingathe kumuyang'ana, n'kumandilozera. Kalavani yalowa.

Tangomaliza kukhoma tenti, mvula. M'kalavani magetsi akuyaka, ketulo ikulira, akazi akuseka. Wogulitsa uja sananame, sidontha. Yodontha ndi tenti ya a Mbewe. Chakudya chathu chabwera ndi Tadala atafunda ambulera, ngati cha anthu a m'ndende. Udzudzu wa kuno ndi waukulu, ndipo sudziwa kuti munthu wavutika kale.

Lamulungu

Msana! Khosi! Mwendo wamanzere sindikuumva.

Uthenga wam'mawa kudzera mwa Tadala: agogo agona bwino kuposa usiku wina uliwonse chifikire ku Canada. Akuti abambo ako ndi munthu woganiza. Akuti tibwerenso, ndipo ulendo wina adzatengako anzawo awiri a kumvano, malo alipo.

Malo alipo.

Mvula sinaleke. Foni ya Yami yathima, ndipo potchajira pali m'kalavani, mmene amayi akusamba ndi chidebe chija. Tagona chagada ine ndi iye, mapewa ogundana, tikuyang'ana dontho likukula padenga. Palibe kothawira. Ndikufunafuna mawu anzeru amene ndakhala ndikusunga chaka chonse, onse anyowa.

Ndiye iye: "Adadi, mumaliza mkonono ngati thirakitala."

M'Chichewa! Chokhotakhota, koma Chichewa. Ndaseka mpaka dontho landigwera m'kamwa. Nayenso waseka. Sindikumbukira tsiku limene ndinamva kuseka kwake ndili pafupi chonchi.

Patapita kanthawi, maso ali kudenga: "Ku Ottawa mudzabwera kudzandiona?"

Ndati ndidzabwera, ndidzakoka kalavani.

"Ayi. Agogo adzabwera nayo imeneyo. Inu mudzabwere ndi tenti."

Ndatembenukira kukhoma, ndanamizira udzudzu kuti walowa m'diso.

Chabwino. Kalavani ndi ya apongozi, ine ndine dalaivala wawo. Mawa ndikagula nyali yakumbuyo. Ndikafunsanso a Mbewe ngati tenti yodonthayi akuigulitsa.